Chinese elm ndi mtengo wopirira, koma musaubzale mwachisawawa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi owerenga anzanga amene akuganiza zobzala mtengo wa mthunzi pakhomo, makamaka amene anauzidwa kuti Chinese elm ndi mtengo wongobzala n'kuuiwala. Mbiri imeneyi si yabodza kwenikweni. Mtengowu umapirira chilala, kutentha, utsi wa galimoto ndi nthaka yoguga imene mitengo ina imakana. Koma mbiri yomweyo ndi imene imaupweteketsa, chifukwa anthu amaubzala pena paliponse, mozama mulimonse, n'kuusiya kuti uzidzikulira wokha. Pakatha zaka 10 mumamva kuti wang'ambika pakati ndi mphepo, wanyamula simenti ya pakhonde, kapena ana ake adzaza m'dimba mwa oyandikana nawo nyumba. Pafupifupi mavuto onsewa amayamba m'zaka 5 zoyamba, ndipo amapeweka.

Poyamba penipeni dziwani mtengo umene mwagula, chifukwa dzina loti Chinese elm limaitanidwira mitengo yosiyana. Umene ndikunena pano ndi Ulmus parvifolia, umene kwawo ndi ku China, Korea, Japan ndi Taiwan. Unafika ku England mu 1794, ndipo dzina la sayansili anaupatsa ndi Nikolaus von Jacquin, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ku Vienna, mu 1798. Masamba ake ndi aang'ono, masentimita 2 mpaka 5 m'litali, okhuthala, onyezimira pamwamba, a timano ting'onoting'ono m'mphepete, ndipo kumunsi kwa tsamba mbali imodzi imatsikirako kuposa inzake. Mtengo ukakula khungwa limasendeka lokha tizigamba, n'kusiya mawanga otuwa, obiriwira, ofiirira ndi achikasu. Ambiri amaubzalira khungwa limeneli, ndipo n'lokongoladi. Chizindikiro china chosanama ndi nthawi ya maluwa. Mitengo yambiri ya mtundu wa elm imachita maluwa nyengo yozizira ikangotha, koma uwu umachedwa: kumpoto kwa dziko lapansi ndi cha mu Ogasiti ndi Seputembala, kummwera ndi cha mu Febuluwale ndi Marichi. Njere iliyonse imakhala pakati pa kaphiko kopyapyala kokwana pafupifupi sentimita imodzi.

Umene anthu amasokoneza nawo kawirikawiri ndi Siberian elm, Ulmus pumila. Ku United States anaubzala wochuluka m'ma 1930 kuti uzitchinga mphepo m'zigwa zimene dothi linkauluka ndi chilala, ndipo kwa zaka zambiri ogulitsa ankautchula Chinese elm. Nthambi zake zimathyoka msanga, khungwa lake n'lakuda, lamizere yakuya, silisendeka, ndipo masamba ake tizikumbu timawadya mpaka kutsala mitsempha yokha. Ku Australia nakonso ena amatcha Celtis sinensis dzina lomweli. Umenewo mumaudziwa ndi mitsempha itatu yochokera kumunsi kwa tsamba ndiponso tizipatso tozungulira. Wogulitsa mbande akalephera kutchula dzina la sayansi, m'pempheni akuonetseni mtengo umene anatengako njere kapena nthambi.

Chimene chinatchukitsa mtengowu kunja kwa Asia ndi matenda a Dutch elm disease. Amayamba ndi fangasi (nkhungu yodwalitsa zomera) wa mtundu wa Ophiostoma amene amanyamulidwa ndi tizikumbu toboola khungwa. Fangasiyo akalowa, njira zimene madzi amakwerera mu mtengo zimatsekeka, ndipo nthambi zimafota imodziimodzi mpaka mtengo wonse kuuma. Ku Britain kokha, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mitengo ya elm yoposa 25 miliyoni inafa. Ulmus parvifolia umalimbana nawo bwino matendawa, choncho osamalira mitengo ya m'misewu anautembenukira, n'kusankha mitundu yake monga Drake, Allee, Athena, Bosque ndi Dynasty. Drake amachita bwino kumalo otentha ndipo nthambi zake zimawerama. Bosque amakula mowongoka ndi thunthu limodzi, choncho amayenera malo opapatiza. Allee ndi Athena anasankhidwa pa mitengo ya pa University of Georgia ku United States.

Tsopano za malo, pamene ambiri amalakwira asanagwire n'komwe khasu. Mbande ya m'chubu imanamiza maso. Mtengowu ukakhwima umafika mamita 12 mpaka 15, pena 18, ndipo nthambi zimatambasuka pafupifupi mofanana ndi kutalikako. Ukamapeza madzi umatha kuwonjezera masentimita 60 mpaka 90 pa chaka. Mizu yake yambiri sipita pansi kwambiri, imayenda m'masentimita 60 a pamwamba, n'kupitirira kutali kuposa pamene mthunzi walekezera. Ndiye siyani mamita osachepera 6 kuchokera pakhoma la nyumba, ndipo ngati malo alipo, 8. Siyani mamita 3 kuchokera panjira ya simenti kapena mpanda wa njerwa, ndi mamita 10 kuchokera pa thanki ya zonyansa za m'chimbudzi ndi mapaipi ake. Mizu siboola paipi yabwinobwino ayi, koma ikapeza polumikizira pamene pakudontha imalowa, n'kukuliramo mpaka kutseka. Panthaka ya makande, imene imafufuma ikanyowa n'kung'ambika ikauma, mtengo waukulu umamwa chinyezi cha pansi pa maziko mbali imodzi, nyumba n'kuyamba ming'alu. Pamenepo onjezerani mtunda. Pansi pa mawaya a magetsi musabzalepo n'komwe, chifukwa mapeto ake ndi kudulidwa mutu chaka ndi chaka. Mukafuna mzere wa mitengo, italikirane mamita 9 kapena 10.

Umafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku. Nthaka sumasankha kwambiri, kaya ya mchenga kaya ya katondo, koma sugwirizana ndi malo amene madzi amadikha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi, aphwe, kenako mudzazenso. Mukapeza madzi akadalimo mawa lake nthawi yomweyo, mizu idzawola pamenepo. Sankhani pena, kapena unjikani dothi masentimita 20 mpaka 30 pamalo otambalala mamita 2 n'kubzala pamwamba pake.

Pogula mbande musathamangire yaitali. Ya mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ya thunthu limodzi lowongoka, imagwira msanga ndipo nthawi zambiri imadzapitirira ija yaikulu imene yakhalitsa m'chitini. Chofunika kuona ndi mizu. Mbande ikakhalitsa m'chubu kapena mumphika, mizu imafika kukhoma n'kuyamba kuzungulira. Mukaibzala choncho imapitiriza kuzungulira, ndipo thunthu likamanenepa mizu ija imalinyonga. Mtengo wotero umaoneka bwino zaka 6 kapena 8, kenako masamba amachepa mbali imodzi, kapena umangogwa ndi mphepo yosaopsa n'komwe, utathyokera pansi penipeni. Ndiye vulani chubu muone. Mizu yopyapyala yozungulira muimasule ndi zala. Ngati yalukana, sengani ndi mpeni wakuthwa sentimita imodzi kapena ziwiri kuzungulira dothi lonse ndi pansi pomwe. Ngati muzu waukulu ngati chala wazinga kale thunthu, isiyeni mbandeyo.

Nthawi yabwino yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, kapena, kumene kumagwa chisanu choopsa, nyengo yozizira isanafike kapena itangotha. Dzenje likhale lotambalala kawiri kapena katatu kuposa dothi la m'chubu, koma lisapitirire kuya kwa dothilo. Apa ndikupempha owerenga amvetsetse, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti dzenje lakuya ndiye chisamaliro. Pamene thunthu limayamba kutambasuka kukhala mizu pamayenera kuoneka pamwamba pa nthaka, kapena kukwererako masentimita 2 mpaka 3. Nthawi zambiri kunazale amakhala atapakwirira kale, choncho palani dothi la pamwamba mpaka mupeze muzu woyamba waukulu, ndipo muyezere kuya kwa dzenje kuchokera pamenepo. Khungwa la thunthu silinapangidwe kuti lizikhala m'chinyezi. Likakwiriridwa limawola pang'onopang'ono, ndipo mizu imasowa mpweya. Pansi pa dzenje musagaule, chifukwa dothi lofewa limatitimira ndipo mtengo umatsika nalo. M'mbali ndi momwe muyenera kukanda ndi khasu, makamaka m'katondo, kuti makoma asakhale osalala.

Kwirirani ndi dothi lomwe munakumbalo, mutaphwanya zibuma. Kudzaza dzenje ndi manyowa okhaokha kumachititsa kuti mizu izingozungulira m'dothi lokomalo osafuna kutuluka, ndipo m'nthaka yolimba dzenje lotero limasunga madzi. Feteleza musathire m'dzenje, amawotcha timizu tatsopano. Mukafika theka thirani ndowa imodzi ya madzi kuti dothi likhazikike, malizani kukwirira, tsenderani ndi manja osati kupondaponda, kenako thirani ndowa ina. Umbani kamkombero ka dothi m'mphepete mwa dzenje kuti madzi asamathawe, koma mudzakaphwasule pakatha chaka.

Phimbirani ndi udzu wouma, masamba kapena tizipalapala ta mitengo, masentimita 5 mpaka 8 kuchindikala, mozungulira mita imodzi kuchokera pathunthu. Pafupi ndi thunthu siyani masentimita 10 opanda kanthu. Kuunjikira zophimbira pathunthu kumawoletsa khungwa ndipo kumaitana chiswe ndi mbewa. Bwalo lopanda udzuli lili ndi ntchito inanso: limateteza mtengo kwa otchetcha kapinga. Khungwa la Chinese elm wamng'ono n'lopyapyala, ndipo chitsulo kapena chingwe cha makina otchetchera chikalisupula kuzungulira, chakudya chochokera m'masamba sichifikanso kumizu.

Chikhomo n'chofunika pokhapokha ngati mbande sikutha kuima yokha kapena malowo ndi a mphepo. Khomani ziwiri kunja kwa dothi la mizu, mumange ndi lamba wofewa kapena mphira wotambalala, motayirira kuti thunthu lizitha kugwedezeka. Kugwedezekako ndi kumene kumalilimbitsa. Waya ayi, amadya khungwa. Pakatha chaka chimodzi masulani.

Kupirira chilala kumene mtengowu umatchuka nako kumabwera mizu ikakhazikika, osati tsiku lobzala. Ngati mvula sikugwa, mbande ya msinkhu umene ndatchulawu ipatseni malita 10 mpaka 20 tsiku lililonse kwa milungu iwiri yoyamba, kenako kawiri kapena katatu pa mlungu kwa miyezi itatu, kenako kamodzi pa mlungu mpaka itadutsa chilimwe chachiwiri. M'dothi la mchenga thirirani pafupipafupi, m'makande talikitsani masiku. Musanathire pisani chala masentimita 5 mpaka 8 pafupi ndi mizu. Ngati muli chinyontho, dikirani. Masamba ofota amatha kutanthauza ludzu, komanso amatha kutanthauza mizu imene yamira, ndipo amene sapisa chala amaonjezera madzi pa mtengo umene ukufa ndi madzi. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku kwa zaka kumaphunzitsa mizu kukhala pamwamba, ndiye ija imadzanyamula simenti. Mtengo ukakula, kuthirira kamodzi kokwanira pa milungu itatu kapena inayi m'chilimwe choopsa n'kokwana.

Za feteleza ndinene mwachidule. Chaka choyamba safunika. Kuyambira chachiwiri, manyowa owola bwino masentimita 2 kapena 3 pansi pa zophimbira, kamodzi pa chaka, amakwanira. Nayitrojeni wochuluka amatulutsa nthambi zazitali zofooka ndipo amakopa nsabwe za m'masamba.

Nkhani yaikulu imene yandilembetsa kalatayi ndi kuthenera. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo pa Chinese elm mawuwa ndi malangizo enieni a ntchito. Mtengowu ukasiyidwa wokha umakonda kugawikana pansi, pa mita imodzi ndi theka kapena ziwiri, n'kutulutsa nthambi zitatu kapena zinayi zofanana kukula kuchokera pamalo amodzi. Nthambi ziwiri zofanana zikamakula mopanikizana, khungwa limatsekeredwa pakati pawo, ndipo mitima ya nthambizo silumikizana. Kunja pamaoneka polimba koma mkati muli mng'alu umene ukukula chaka ndi chaka, uku nthambi zikulemera. Tsiku la mkuntho mphandayo imang'ambika, theka la mtengo n'kugwera padenga kapena pagalimoto, ndipo bala lotsalalo silipola. Mphanda yoopsa imaoneka ngati chilembo V, ndipo khungwa limapindikira mkati. Yolimba imaoneka ngati U, ndipo pamwamba pake pamakhala kamzere ka khungwa kotukuka.

Ndiye kuyambira chaka chachiwiri, sankhani nthambi imodzi yowongoka kuti ikhale mutu wa mtengo. Zina zimene zikupikisana nayo musathamangire kuzichotsa zonse nthawi imodzi. Zifupikitseni podula gawo limodzi mwa magawo atatu, pamwamba pa kanthambi koloza kunja. Nthambi yofupikitsidwa imachedwa kunenepa, mutu uja n'kuipitirira, ndipo polumikizana pamalimba. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti nthambi iliyonse isapitirire theka la kunenepa kwa thunthu pamene yamerapo. Nthambi zikuluzikulu zimene zidzakhale mpaka kalekale zitalikirane masentimita 30 mpaka 45 pokwera thunthu, ndipo ziloze mbali zosiyanasiyana, osati ziwiri pamalo amodzi. Yotsikitsitsa idzakhale pa mamita 2.5 ngati pansi pamadutsa anthu, ndi mamita 4 kapena kuposa ngati pamadutsa galimoto.

Tinthambi ta m'munsi musatisadze msanga, ngakhale tikuoneka ngati tosafunika. Timadyetsa thunthu kuti linenepe ndipo timaliteteza ku dzuwa. Muzingotifupikitsa, n'kumachotsa tiwiri kapena titatu pa chaka tisanapitirire masentimita 3 kunenepa. Mbande imene yasadzidwa mpaka kunsonga imatalika ili yowonda, ndipo imawerama yokha. Ntchito yonseyi muichite kamodzi pa chaka kwa zaka 5, kenako kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu mpaka mtengo utakwanitsa zaka 15. Pa chaka chimodzi musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba onse.

Kadulidwe nakonso kali ndi njira yake. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pamakhala kotupa kozungulira. M'menemo ndi mmene mtengo umatsekera bala, choncho dulani kunja kwake pang'ono. Mukadula mofanana ndi thunthu mwachotsa chotsekera, ndipo kuwola kumalowa mkati. Mukasiya chitsa chachitali, chimauma n'kukhala khomo la fangasi. Nthambi yonenepa kuposa masentimita 4 idulidwe katatu: chekani pansi pake, masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pathunthu, kulowa gawo limodzi mwa atatu, kenako chekani pamwamba, masentimita 5 kupitirira pamene munayamba paja, mpaka nthambi igwe, pomaliza chotsani chitsacho kunja kwa kotupa kaja. Mukangodula kamodzi kuchokera pamwamba, nthambi imagwa ikusenda khungwa la thunthu kutsika nalo. Gwiritsani ntchito sowo ndi lumo lodulira nthambi zakuthwa, osati chikwanje, chimene chimasiya bala lophwanyika. Pabala musapake penti, phula kapena oyilo. Zimenezi zimatsekera chinyezi mkati ndipo sizithandiza kupola. Dulani tsiku louma, m'nyengo yozizira pamene mtengo wapuma. Kumene kuli Dutch elm disease zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa fungo la bala latsopano limakopa tizikumbu toboola khungwa tija m'nyengo yofunda. Mukachoka pa mtengo wodwala pukutani zida ndi spiriti.

Kudula mutu wa mtengo waukulu kuti ufupike ndi nkhanza imene imabwezera mwini wake. Pa chitsa chilichonse pamaphuka mphukira zambirimbiri zimene zimangogwira pakhungwa, zimakula mofulumira, ndipo pakatha zaka zochepa mtengo umabwerera pamsinkhu wake wakale uli ndi nthambi zosalimba ndi mtima wowola.

Pali nkhani ina imene ogulitsa mbande satchula kawirikawiri. Mtengo umodzi wokhwima umabala njere zosawerengeka, mphepo ndi madzi zimazimwaza, ndipo zimamera mosavuta. M'madera ena a Australia ndi United States mtengowu unathawa m'minda n'kuyamba kudzimerera m'mbali mwa mitsinje ndi m'malo osalimidwa, kumene umalanda malo a mitengo yachilengedwe. Amene nyumba yake ili pafupi ndi mtsinje, dambo kapena nkhalango yotetezedwa, ine ndinganene kuti asankhe mtengo wachilengedwe wa m'dera lake. Ena onse afunse kaye alangizi a zankhalango ngati malamulo a kwawoko akuuloleza. Amene muli nawo kale, sesani njere zikamagwa, yeretsani ngalande za padenga, ndipo zulani timitengo tomera tokha nthaka ikadali yonyowa, tisanapitirire masentimita 15. Tikapitirira apo muzu umakhala utalowa, ndipo mukadula pamwamba timaphukanso. Zinyalala za njerezo musakataye kutchire.

Wofuna kuchulukitsa mtengowu, njira yabwino ndi ya nthambi, chifukwa mwana amafanana ndendende ndi kholo, pamene wa njere amatha kutuluka ndi khungwa losakongola kapena mphanda zoipa. Mitundu ya mayina ija imachulukitsidwa ndi nthambi kapena kumezanitsa. Dulani nthambi za chaka chomwecho zimene zayamba kulimba, masentimita 10 mpaka 15, m'mawa kusanatenthe. Chotsani masamba a m'munsi, musiye atatu kapena anayi kunsonga, viikani kumunsi mu ufa wothandiza kumeretsa mizu, n'kuzika theka lake m'chisakanizo cha mchenga wokhakhala ndi manyowa osefa, muyezo wofanana. Vindikirani ndi pulasitiki yoonekera mkati, ikani pamthunzi wowala, ndipo muzitsegula pang'ono tsiku lililonse kuti nkhungu isagwire. Mizu imatuluka pakati pa milungu 4 ndi 8. Sizigwira zonse, choncho zikani zochuluka kuposa zimene mukufuna. Njere nazo zimamera bwino zikafesedwa zitangokhwima, pamene timapiko tasanduka tofiirira. Kwirirani mamilimita 3 mpaka 5 okha. Zikakhalitsa mphamvu imatha msanga, ndipo zosungidwa zimadzuka bwino mukaziika mumchenga wonyowa m'firiji, osati mozizira moumitsa madzi, kwa mwezi umodzi kapena iwiri.

Matenda ndi tizilombo sizivuta kwambiri, koma ndi bwino kuzizindikira kuti musawononge ndalama pa mankhwala osafunika. Timadontho takuda tozunguliridwa ndi chikasu pamasamba, m'nyengo ya mvula yambiri, ndi fangasi wotchedwa Stegophora ulmea. Amayoyola masamba koma sapha mtengo waukulu. Sesani masamba ogwawo n'kuwakwirira kutali, ndipo pothirira musanyowetse masamba. Masamba akamamata ndi kuda ngati mwaye, yang'anani kunsi kwake: mupeza nsabwe za m'masamba kapena tizilombo tomatirira panthambi, timene timatulutsa madzi otsekemera, ndipo nyerere zimakhala zikukwera ndi kutsika. Pa mtengo waung'ono, madzi amphamvu a paipi kapena sopo wophera tizilombo wopopera madzulo amathetsa vutoli. Masamba atsopano akakhala achikasu koma mitsempha ili yobiriwira, mtengo ukulephera kutenga ayironi, kawirikawiri chifukwa nthaka ili ndi laimu wambiri, monga pamene anakwirirapo zotsala za simenti pomanga, kapena chifukwa mizu yamira. Konzani chimene chayambitsacho musanagule mankhwala. Masamba opotana ndi opyapyala modabwitsa nthawi zambiri ndi chizindikiro cha mankhwala ophera udzu amene anapoperedwa pakapinga, chifukwa mizu ya mtengo ili pansi pa kapingayo.

Kuyoyoka kwa masamba pakokha si matenda. Kumalo ozizira kwambiri mtengowu umavula onse, kumalo ofunda umasunga ambiri n'kutaya akale pamene atsopano akuphuka. Kusendeka kwa khungwa nakonso ndi chibadwa chake. Chodetsa nkhawa ndi khungwa lolowa mkati, lakuda, lotuluka madzi, kapena nthambi yofota yokha pamene zina zili bwino. Imeneyo iduleni mpaka pamene mtima wake ukuoneka woyera.

Okonda timitengo ta m'miphika ta bonsai amaudziwa bwino Chinese elm, chifukwa masamba ake ndi aang'ono kale ndipo umaphuka msanga ukadulidwa. Pali mitundu yake yaing'ono monga Seiju ndi Hokkaido. Chongokumbutsa n'chakuti ndi mtengo wa panja. M'chipinda cha mdima umatulutsa nthambi zowonda n'kugwidwa ndi tiakangaude tofiira.

Nanga amene mtengo wawo wakula kale ndi mphanda zoipa? Ngati nthambi zopikisanazo sizinapitirire masentimita 10 kunenepa, mwayi ulipo. Sankhani imodzi, zinazo muzifupikitse pang'onopang'ono kwa zaka zitatu, osati tsiku limodzi, kuti kulemera kuchepe ndipo khungwa limene linazolowera mthunzi lisapse ndi dzuwa. Ngati ndi zazikulu kuposa apo, kapena mukuona mng'alu pamphanda, bowa patsinde, kapena nthaka ikutukuka mbali imodzi kukawomba mphepo, itanani munthu wophunzira ntchito ya mitengo amene ali ndi zingwe ndi zida zokwerera. Musakwere makwerero ndi sowo ya injini, ndipo pafupi ndi mawaya a magetsi musayandikire n'komwe. Mizu yotukuka pamwamba musaiseme kuti kapinga asalale. Iphimbireni, chifukwa muzu waukulu uliwonse wodulidwa pafupi ndi thunthu umachotsa mbali ina ya chimene chikuugwira mtengowo. Zikafika poti udulidwe, dziwani kuti chitsa chake chimaphukanso mwamphamvu. Chizuleni, kapena pakani mankhwala ophera zomera a glyphosate kapena triclopyr pamkombero wakunja wa chitsa, pafupi ndi khungwa, pasanathe mphindi zochepa mutadula, motsatira malangizo a pabotolo ndiponso mutavala magolovesi. Amene safuna mankhwala azithyola mphukira zonse zikangotuluka, osalola kuti masamba atambasuke, mpaka mizu itatha mphamvu, ndipo zimenezi zimatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Ine wanu,
Wosamalira mitengo